Dera Limene Ndinalipatsa Malikisi

Thoko ndi Lonjezo,

Anthu amalemba mbiri ya ntchito yawo imvi zitamera. Ine ndikulemba ndisanakwanitse zaka makumi anayi, chifukwa ntchito imene ndinaiphunzira ku koleji ndaisiya ndipo sindidzaibwereranso. Za ubwana wanga mudzafunse azakhali anu ku Mponela, amazikumbukira bwino kuposa ine. Chimene ndikufuna mudziwe ndi chifukwa chake bambo wanu anachoka pa ntchito yabwino ya mu ofesi patangopita chaka mayi anu atamwalira. Panopa mumandiyankha m'Chingerezi, koma Chichewa mumamva. Mukadzakula mudzawerenga nokha.

2011 mpaka 2014: Mijigo

Ntchito yanga yoyamba inali yowerenga mijigo. Nditamaliza maphunziro a ziwerengero ndi mapu, kabungwe kena ka ku Lilongwe kanandilemba kuti ndiziyenda m'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi, kuona ngati mjigo uliwonse ukutulutsa madzi, n'kuuika pa mapu. Bwana wathu anali a Kamwendo, munthu wamfupi, wosakonda kuseka. Inali nthawi ija mafuta anasowa m'dziko, galimoto zikugona pamzere pa filing'i. Anzathu ena anapeza nzeru. Ankakhala pakhonde la sitolo pamsika, n'kumafunsa aliyense wodutsa kuti mjigo wa kwanu uli bwanji, n'kulemba pafomu. A Kamwendo atazindikira anaitana mmodzi wa iwo pamaso pa tonse. "Walemba kuti mjigo wa pasukulu paja ukugwira. Unaupopa?" Mnzathuyo anati, "Anandiuza a komiti, bwana." Iwo anati, "Ndakufunsa za komiti ine? Ndati unaupopa ndi dzanja lako, madzi n'kukunyowetsa nsapato?" Mawa lake tonse tinapatsidwa njinga zakapalasa, ndipo tinapalasa miyezi isanu, fumbi ndi matope.

Mayi anu, Elida, ndinawapeza pa ntchito imeneyi. Anali nesi pa chipatala chaching'ono chakumudzi, ndipo mjigo wa pamenepo unali utafa kalekale ngakhale pa mapepala a kulikulu unali wamoyo. Atandiona ndi fomu ndi cholembera anati, "Nanunso mwabwera kudzalemba kuti ukugwira? Pitani mukaupope. Mukapeza madzi mundibweretsereko a tiyi." Ndinalemba kuti ndi wakufa, ndipo ndinabwereranso kuchipatalako kangapo popanda fomu. Tinakwatirana mu 2013. Iwe Thoko unabadwa chaka chotsatira.

2015 mpaka 2017: Kewdale

Viza imene tinabwera nayo kuno ku Australia inali ya mayi anu. Anapeza ntchito ya unesi pa nyumba yosamalira okalamba, ndipo ine ndi iwe Thoko tinalembedwa pansi pa dzina lawo. Ankandiseka kuti ndinalowa mu Australia ngati sutukesi yachiwiri. Mapepala anga a ku koleji panalibe amene ankawafuna, choncho ndinayamba kunyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu ku Kewdale. Kumeneko ndinadziwana ndi a Tembo, bambo wa ku Zambia woyendetsa makina onyamulira katundu, amene anandiphunzitsa kuvala nsapato zachitsulo komanso kusayankha kapitawo asanamwe khofi.

Tinkachita lendi kafulati ka zipinda ziwiri m'dera lakale la kumwera chakum'mawa kwa mzinda uno wa Perth. Makoma anali osweka, ndege zinkadutsa pamwamba, ndipo tsiku lina anatibera njinga pakhonde. Koma siteshoni ya sitima tinkaiona tili pawindo, basi inkadutsa pafupipafupi, ndipo nyumba yachinayi kuchokera kwathu inali ya mayi Chirwa, nesi wachikulire wa ku Rumphi amene anabwera kuno ife tisanalote n'komwe. Mashifiti athu akagundana, iwe Thoko tinkakusiya kwa iwo popanda kuimba foni. Nthawi imeneyo zonsezi sindinkaziona ngati kanthu. Ndinkangoona makoma osweka.

2018: Ofesi

Ndinachita kosi ina yamadzulo, ndipo mu 2018, chaka chimene iwe Lonjezo unabadwa, kakampani kena ka pafupi ndi Northbridge kanandilemba ntchito. Dzina lake sindilitchula. Tinalimo anthu asanu, ndipo mwini wake anali Greg, munthu wamtali, waulemu, amene analephera kutchula Limbani n'kungoyamba kundiitana Lim. Ntchito yathu yaikulu inali kupanga mndandanda wa madera abwino kukhalamo mu Perth. Chaka chilichonse unkatuluka m'magazini ina ya zogulitsa nyumba, kenaka anthu ankautumizirana pa mafoni. Dera lililonse linkapatsidwa malikisi pa sukulu, zipatala, mayendedwe, mapaki, chitetezo ndi mgwirizano wa anthu, n'kuwonkhetsa, n'kuwasanja kuyambira nambala wani kutsika m'munsi.

Ndikufuna mumvetse mmene tinkapangira, chifukwa anthu amaganiza kuti pali wina amene amayenda m'maderawo. Palibe ankayenda. Ine zaka zisanu ndi chimodzi ndinapatsa malikisi madera ambirimbiri amene sindinapondemo phazi. Pa kompyuta, dera lililonse tinkaliika kadontho pakati pake, ndipo kuchokera pa kadonthoko makina ankajambula mzere woongoka kukafika pa chipatala chapafupi, pa sukulu, pa siteshoni. Mzerewo unkadutsa m'tchire, m'mipanda, pa misewu ikuluikulu yosaoloka wapansi. M'madera akale a pakati pa mzinda izi sizinkanama kwambiri, chifukwa ndi aang'ono ndipo misewu ndi yambiri. Koma madera atsopano a m'mphepete ndi aakulu, ndipo nyumba zotsika mtengo zimakhala kumapeto, kutali ndi kadontho. Mawu akuti chipatala ankakwana kulikonse: kachipinda ka dokotala mmodzi kotseka masana Loweruka kankalandira malikisi ofanana ndi chipatala chogonekera odwala. Malo alionse amene pa pulani anapakidwa utoto wobiriwira anali paki, kaya pali mitengo kaya ndi mchenga wokhala ndi mbande zofika m'mawondo. Mgwirizano wa anthu tinkauyeza powerenga malo omwera khofi ndi kuchuluka kwa mayina pa gulu la pa intaneti la anthu a m'deralo. Ndipo chilichonse chimene chinalonjezedwa kuti chimangidwa, sukulu kapena njanji, tinkachiwerenga ngati chilipo kale.

Sindikunena kuti zonse zinali bodza. Mitengo ya nyumba inali yoona, zaka za nyumba zinali zoona, milandu yofika kupolisi inali yoona. Koma chinthu chilichonse chipatsidwe malikisi angati, zimenezo tinkagwirizana anthu atatu Lachisanu masana, makapu a khofi ali m'manja. Ukawonjezera pang'ono malikisi a nyumba zatsopano, madera a m'mphepete ankakwera. Ukawonjezera a mayendedwe, ankagwa. Banja limene tinkaliganizira popanga zonsezi linali la galimoto ziwiri, la anthu osadwala, la agogo okhala pafupi. Ndipo amene ankalipira malonda ambiri m'magaziniyo anali makampani omanga nyumba m'madera atsopanowo. Palibe anatiuzapo kuti tiike dera lakuti pamwamba. Panalibe chifukwa chotiuzira.

Mwezi wanga wachiwiri ndinafunsapo kamodzi. Ndinati, "Greg, sitima imeneyi kulibe. Njanji sanayale n'komwe." Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Ikubwera, Lim. Anthu akamagula nyumba amagula za mawa." Ndinakumbukira a Kamwendo, koma ndinayang'ananso mpando wanga wozungulira ndi malaya anga oyera, n'kukumbukira makatoni a ku Kewdale. Ndinabwerera pa kompyuta yanga.

2019 mpaka 2021: Nyumba

Mndandanda wa 2019 unatuluka uli ndi dzina langa m'munsi mwake ngati wowerengera wamkulu. Pa nambala yachitatu panali dera lina latsopano kuseri kwa Ellenbrook. Gulu la Amalawi la pafoni linaphulika. "Mwana wathu ndi amene akusanja Perth!" analemba wina. Kutchalitchi anthu ankandikokera pambali kundifunsa kokagula nyumba, ngati ndine mlauli. Mayi anu anadula tsambalo n'kulimata pa filiji.

Tsopano apa ndiye pali chinthu chimene chimandikwiyitsa kuposa zonse, ndipo mkwiyowo ndi wa kwa ine ndemwe. Ndinkadziwa za kadontho. Ndinkadziwa za mzere woongoka. Koma manambala aja nditawaona atasindikizidwa pa pepala losalala, pambali pa chithunzi cha ana akuthamanga pa kapinga, ndinawakhulupirira ngati awerengera ndi munthu wina. Tinapita kukaona nyumba yachitsanzo Loweruka m'mawa, msewu uli pululu, ndipo ulendowo unaoneka waufupi. M'nyumbamo munkanunkhira penti. Mayi anu anatsegula makabati onse a m'khichini mmodzimmodzi, n'kunena kuti, "Bambo a Thoko, muno mulibe mphemvu ngakhale imodzi." Sitinafunse za basi. Sitinayende wapansi kufika pamsewu waukulu. Sitinabwere Lachiwiri masana kudzaona ngati mumakhala anthu.

A Tembo okha ndi amene anatsutsa. Nditawaonetsa tsambalo anati, "Manje imwe ba Phiri, mufuna kuyenda kunkala ku mchenga kuja? Kulibe na basi." Ndinati sitima ikubwera, sukulu ikubwera, ndipo derali ndi nambala yachitatu pamene lawo lili kumunsi kwenikweni. Anaseka. "Nanga analemba ni ndani?" Ndinati ndine. Anati, "Ndiye mwadzinamiza mweka, mudala. Fodya wako ni uja ali pamphuno." Ndinawaona ngati munthu wansanje amene wakalambira pa lendi.

Tinasamuka kumayambiriro kwa 2020. Nyumba yathu inali m'kamsewu komaliza, kuseri kwake kuli mchenga ndi zikwangwani za mapuloti. Chaka chisanathe mabanja atatu a Amalawi anagula m'dera lomwelo, ndipo onse anandiuza mosangalala kuti atsata ine. Galimoto tinali nayo imodzi. Sukulu ya pa mapu anga inali isanamangidwe, choncho iwe Thoko tinkakupititsa ku dera lina. Zinali zovuta, koma tinali amphamvu tonse awiri, ndipo munthu wamphamvu mtunda sauona.

2022 mpaka 2023: Basi

Mu 2022 mayi anu anapezeka ndi khansa ya m'mawere. Pokhala nesi anadziwa msanga kuposa ine tanthauzo la zimene madokotala ankanena. Anachitidwa opaleshoni, analandira mankhwala a m'mitsempha, ndipo masiku anga onse atchuthi anathera pamenepo. Greg anandiwonjezera milungu iwiri osadula malipiro, ndipo zimenezo sindidzaziiwala. Kenaka kumayambiriro kwa 2023 anafunika kumapita tsiku lililonse, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa milungu ingapo, kukaunikidwa ndi makina otentha chotupa. Makinawo ali m'zipatala zazikulu za kufupi ndi mzinda. Thandizo lenilenilo linkatenga mphindi zochepa.

Kuyendetsa galimoto sankatha chifukwa cha chizungulire, ndipo ine ndinkafunika kukusiyani inu awiri m'malo awiri osiyana n'kukafika ku ofesi. Masiku ena ndinkawatenga m'mawa n'kuwasiya pabenchi ya chipatala kuti adikire mpaka nthawi yawo ya masana. Masiku ena mayi Chirwa ankaoloka mzinda wonse atangoweruka kudzawatenga, koma nawonso anali ndi mashifiti. Mabanja atatu aja anali pa vuto ngati lathu, galimoto imodzi, amuna ali ku migodi. Masiku otsalawo mayi anu ankakwera basi. Kuchoka pakhomo kufika pokwerera unali mtunda woyenda ndithu, mu Febuluwale, dzuwa la kuno likuwamba, popanda mtengo ngakhale umodzi wopitirira mutu wa munthu. Pokwererapo panali chitsulo chokha, popanda denga kapena benchi. Basi inkabwera kamodzi pa ola. Inkawasiya ku Ellenbrook, n'kukwera ina yopita ku sitima, n'kutsika sitima kukweranso basi. Akaphonya imodzi, zonse zinkasokonekera. Ankanyamuka inu mutangochoka, n'kubwerako dzuwa litapendeka.

Tsiku lina ndinawapeza atakhala pa sitepe ya pakhomo, nsapato atavula, ambulera ili pambali. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a Thoko, pa mapu anu aja, chipatala chili pa mtunda wanji kuchokera pano?" Ndinati, "Mphindi khumi." Anati, "Ndiye tsiku lina mudzandiperekeze, ndikachioneko. Mwina n'chabwino." Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Musatero nkhope. Makabati aja ndinatsegula ndine." Sanadzaitchulenso nkhaniyo.

Mumvetse bwino apa. Sindikunena kuti mndandanda unapha mayi anu. Madokotala anatiuza kuti matendawo anali atayenda kale m'thupi, ndipo ndikuwakhulupirira. Chimene ndikunena n'chakuti miyezi imeneyo inali yomaliza imene anali ndi mphamvu zokuluka tsitsi iwe Thoko, zokusambitsa iwe Lonjezo, ndipo mphamvuzo zinathera pokwerera basi. Akafika kunyumba ankangogona. Maola amenewo anali anu. Anamwalira mu Julaye 2023, kuchipatala, ine ndilipo.

Julaye 2023: Maliro

Mwina mukukumbukira kuti kunyumba kunadzaza anthu. Kwathu maliro saitanira. Uthenga utangomveka anthu anayamba kufika, ochokera kumwera, kumpoto, Amalawi, a ku Zambia, anzawo a mayi anu a kuntchito. Mayi Chirwa analamula kuti mipando yonse ya pabalaza itulutsidwe, amayi anakhala pansi pa zitenje n'kumaimba nyimbo za m'buku. Amuna tinakhala m'galaja, chitseko chili chotsegula. A Tembo anabwera ndi mipando ya pulasitiki pa galimoto yobwereka, ndipo sananene chilichonse chokhudza mchenga. Zinali choncho masiku anayi, kuyambira masana. Galimoto zinadzaza kamsewu kathu, zina zinaimikidwa pa kapinga wa m'mbali mwa msewu.

Tsiku lachitatu, cha m'ma 3 koloko, kunabwera woyang'anira malamulo a misewu. Anali mnyamata waulemu. Atamva kuimba anavula chipewa n'kunena kuti pepani, koma alandira madandaulo angapo, galimoto zichoke pa kapinga. Tinazichotsa. Pambuyo pake bambo wina wa m'mabanja atatu aja anandionetsa foni yake, ngakhale mkazi wake ankamuletsa. Pa gulu la pa intaneti la anthu a m'dera lathu wina anali ataikapo chithunzi cha nyumba yathu. M'munsi mwake anthu ankafunsana ngati tatsegula tchalitchi popanda chilolezo, ngati nyumbayo tikukhalamo mabanja angati, ndi kuti zoterezi zimagwetsa mitengo ya nyumba. Wina analemba kuti wamva kuti ndi maliro. Wina anamuyankha kuti maliro ali ndi malo ake. Gulu limeneli ndi lomwe lija ndinawerenga mayina ake n'kupatsa derali malikisi onse pa mgwirizano wa anthu. Tinali titakhala mumsewu umenewo zaka zitatu, ndipo panalibe anadziwa kuti mayi wa ambulera uja ankapita kuti tsiku ndi tsiku.

Ndinene zoona zonse. Bambo wa nyumba yoyang'anana nafe, amene tinkangokwezerana dzanja, anabwera patapita mlungu ndi makina ake, n'kutchetcha kapinga wathu, n'kukwirira mmene matayala anakumba. Sanagogode. Mpaka lero dzina lake ndimalidziwira pa makalata osochera.

Seputembala 2024: Siginecha

Ndinabwerera ku ntchito patatha mwezi, ndipo chaka chimenecho mndandanda anamaliza anzanga. Wa chaka chotsatira unali wanga. Nditayendetsa makina monga mwa masiku onse, dera lathu linatuluka nambala yachiwiri, chifukwa sitima ya ku Ellenbrook inali pafupi kutsegulidwa. Ndinakhala ndikuliyang'ana dzinalo nthawi yaitali. Kenaka ndinawerengeranso mwanjira ina. M'malo mwa mzere woongoka ndinaika nthawi imene munthu wopanda galimoto angatenge Lachiwiri masana, kuchokera ku nyumba za kumapeto, kukafika ku chipatala chogonekera odwala. Zolonjezedwa zonse ndinazichotsa, n'kusiya zimene zilipo. Mapaki opanda mthunzi ndinawadula malikisi. Dera lathu linagwa mpaka kuseri kwa tsamba, limodzi ndi ena ambiri atsopano. Dera lathu lakale la makoma osweka linakwera kufika pakati, osati pamwamba, chifukwa mbava zija zinalipobe.

Ndinapita nazo zonse ziwiri kwa Greg. Anaziwerenga mofatsa, n'kutseka chitseko. Anati, "Lim, ndikumvetsa kumene zikuchokera izi. Ndinalipo pa maliro paja. Koma sitima ija ikutsegulidwa chaka chomwe chino. Tinanena zoona, tinangofulumira." Ndinati, "Munafulumira zaka zisanu. Ndipo kuchokera kwathu kukafika pa siteshoniyo ndi basi yomwe ija ya kamodzi pa ola." Anati njira yangayo ndi yabwino koma magazini sangaisindikize, chifukwa madera amene agwawo ndi a anthu amene amalipira masamba. Ndinati ndiye tilembe pamwamba, m'zilembo zazikulu, kuti mndandandawu ndi wa anthu a galimoto ziwiri, ndiponso kuti amalipira ndani. Anati zimenezo zilipo kale m'tizilembo ta m'munsi. Ndinati tizilembo timeneto ndinalemba ndine, ndipo ndinatilemba kuti munthu asatiwerenge.

Anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Tamvera, aliyense amadziwa kuti izi n'zongosangalatsa. Palibe munthu amagula nyumba chifukwa cha mndandanda wa m'magazini."

Ndinati, "Ine ndinagula. Ndi mabanja atatu pambuyo panga."

Kenaka ananena motsitsa mawu, osati mwachipongwe, "Koma iwe unkadziwa mmene timawerengera, Lim."

Pa zonse zimene ananena tsiku limenelo, izi zokha ndi zimene zinali zoona kotheratu. Ndinamupempha chinthu chimodzi: Lachiwiri likubweralo abwere kwathu, asiye galimoto pakhomo panga, tiyende limodzi kukafika ku chipatala pa basi. Akabwerako n'kunena kuti derali ndi nambala yachiwiri, ndisayina. Anati alibe tsiku lathunthu loti ataye. Ndinati n'chimodzimodzi mayi a ana anga analibe. Mawu amenewo ndinawanena ndili chiimire, ndipo ndi okhawo amene ndinakweza.

Anandipatsa mlungu kuti ndiganize, n'kundikumbutsa mwaulemu kuti ndili ndi ana awiri ndipo tsopano wolandira malipiro m'nyumba ndine ndekha. Mlungu umenewo ndinauganiziradi. Ndinadziwa kuti ndikakana, mndandanda utuluka ndithu, dzina lina lili m'munsi mwake. Ndinadziwa kuti iwe Thoko usiya maphunziro a kusambira, kuti ulendo wopita nanu ku Malawi kukaona agogo anu ulephereka, kuti mwina nyumbayi sindiikwanitsa. Mayi Chirwa anandiuza mosabisa kuti, "Bambo a Thoko, ana sadya chilungamo. Sayinani, muzifuna ntchito ina mwakachetechete." Sindikuwaimba mlandu, ankaganizira inu. Koma Lamlungu lomwelo kutchalitchi mnyamata wina wongobwera kumene kuchokera ku Zomba anandipeza pakhomo, mkazi wake ali pambali, n'kunena kuti, "Achimwene, akuti mndandanda watsopano ukutuluka posachedwa. Ife tikungodikira inu." Lolemba ndinakasiya makiyi a ofesi pa tebulo la Greg. Mndandandawo unatuluka mu Novembala, dera lathu lili nambala yachiwiri.

2025: Kugulitsa

Ntchito zina za ziwerengero ndinafunsira, koma mzinda uno ndi waung'ono kwa anthu a ntchito imodzi, ndipo kunena zoona mtima wanga unachokamo. Panopa ndimagwira ntchito ya maola ochepa nthawi imene muli ku sukulu. Siikwanira nyumba ino, choncho mu Meyi ndinaiika pamsika kuti tibwerere kufupi ndi mayi Chirwa. Mayi wogulitsa nyumba amene ndinamupeza ndi wakhama. Tsiku loyamba loonetsa nyumba anabwera ndi maluwa, n'kuimika pakhomo chikwangwani chokhala ndi tsamba la mndandanda watsopano uja atalikulitsa: dera lachiwiri mu Perth yense. Anandiuza kuti eni nyumba sakhalapo anthu akamaona, ndikutengeni tipite kupaki. Tinapita, koma kunali mphepo ndipo kulibe pobisala, choncho tinabwerako nthawi isanakwane.

Pageti tinakumana ndi banja lachinyamata lochokera ku Philippines likutuluka. Mkaziyo anali woyembekezera, mwamunayo atavala malaya a kampani ya migodi. Nkhope zawo ndinazidziwa, zinali za anthu amene atsegula makabati onse. Mwamunayo anandipatsa moni n'kunena kuti nyumba yawasangalatsa, abweranso Lolemba ndi mapepala. Kenaka mkaziyo analoza chikwangwani n'kufunsa kuti, "Bambo, inu mwakhala kuno. N'zoona kuti chipatala chili pafupi? Amuna angawa amakhala ku mgodi milungu iwiri, ndipo ine sindinaphunzire kuyendetsa."

Wogulitsa nyumba uja anali ataima kumbuyo kwawo, akundiyang'ana. Ndinawauza kuti chapafupicho ndi chipinda cha dokotala, chimatseka madzulo. Ndinawauza kumene kuli chipatala chochirirako amayi, mabasi ake, ndi nthawi imene basi yomaliza imadutsa. Ndinawauza kuti asasayine kanthu asanabwere Lachiwiri masana popanda galimoto, n'kuyenda okha ulendowo kupita ndi kubwera. Mwamunayo anafunsa kuti, "Nanga mndandandawu?" Ndinati ndinkaupanga ndine. Anathokoza kawiri, n'kukwera galimoto. Lolemba sanabwere.

Mayi uja anandiimbira foni atakwiya. Anati pa zaka zonse za ntchito yake sanaonepo munthu wothamangitsa yekha ogula, ndipo anandifunsa ngati ndikufunadi kugulitsa. Ndinati ndikufuna kwambiri, kuposa mmene akuganizira. Nyumbayi ndi yabwino, denga silidontha, ndipo banja la galimoto ziwiri likhoza kukhala muno mosangalala. Likabwera lotero ndidzaligulitsa ndi mtima woyera. Koma chikwangwani chija achotse, ndipo pa tebulo la m'khichini pazikhala pepala la nthawi za basi. Chikwangwani anachotsa. Pepala la basi amalibisa m'dirowa anthu akamafika, ine ndimalibwezera.

Uno ndi mwezi wachinayi. Iwe Thoko wasiya kundifunsa kuti tisamuka liti, ndipo ndikudziwa kuti wakwiya. Mtengo ndautsitsa kamodzi, ndipo mwina ndiutsitsanso. Loweruka likubwerali kubweranso anthu odzaona nyumba, ndipo mayi uja wandipempha kuti ulendo uno ndichokepo ndithu, ndipite nanu kutali. Ndamuuza kuti ndidzakhala pakhomo.